Zimene Ophunzira za Mankhwala Amafuna kwa Owayang'anira Pantchito

Pali ntchito zina zimene munthu sangazidziwe pongomvera mphunzitsi ndi kuwerenga mabuku. Uphunzitsi ndi imodzi mwa ntchito zotere, ndipo ina ndi yosunga ndi kupereka mankhwala m'chipatala. Amene akuphunzira ntchito ziwirizi amayamba akhala m'koleji, kenaka amatumizidwa kumalo antchito kuti akayesere zimene aphunzira, moyang'aniridwa ndi munthu wozolowera ntchitoyo. M'nkhani ino tiona zimene ophunzira za mankhwala amayembekeza kwa munthu wowayang'anira pa nthawi imeneyi, ndipo zitsanzo zathu tizitenga m'boma la Mangochi ndi madera a kummwera kwa nyanja ya Malawi.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya mankhwala ikudzatani m'magazini ya aphunzitsi. Mphunzitsi woyesera akalakwitsa pophunzitsa masamu ogawa mu Sitandade 4, cholakwacho chimabisala, n'kudzaonekera patapita zaka, mwana atalephera mayeso a Sitandade 8, pamene palibe amene angaloze kumene vuto lidayambira. Koma woyesera wa kufamase akapatsa mwana wa zaka ziwiri mapiritsi oyenera munthu wamkulu, zotsatira zake zimadziwika pasanathe masiku. Choncho kuchipatala funso lakuti woyang'anira aime pati ndipo achite chiyani silingazembedwe. Mayankho ake ngomveka bwino, ndipo angatithandize ife amene zolakwa zathu zimachedwa kuoneka.

Ophunzirawa ndani?

Dziko lathu limaphunzitsa anthu a ntchito ya mankhwala m'magawo atatu. A digiri amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences. Maphunziro ameneŵa adayamba mu 2006, sukuluyi ikutchedwa College of Medicine, ndipo dzina latsopanoli lidabwera mu 2021 itaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing. A dipuloma ndi a satifiketi ambiri amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Mu 2013 koleji imeneyi, mothandizana ndi Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la VillageReach, idayamba kuphunzitsa othandizira pafamase kwa zaka ziwiri, kuti akagwire m'zipatala zazing'ono za kumidzi, kumene kawirikawiri mankhwala ankaperekedwa ndi anthu osaphunzira ntchitoyo. Gawo lalikulu la zaka ziwirizo ophunzira ankakhala m'zipatala za m'maboma ndi za kumidzi, akugwira ntchito yeniyeni.

Munthu saloledwa kupereka mankhwala mwa iye yekha asanalembedwe m'kaundula wa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Tanthauzo lake ndi lakuti piritsi lililonse limene woyesera wapereka, mlandu wake uli pamutu pa womuyang'anira. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa ndi imene imachititsa oyang'anira ena kuopa kupereka ntchito kwa ophunzira.

Ntchito imene amaipeza kunyanja

Ophunzira a zaumoyo si alendo ku Mangochi. College of Medicine idakhazikitsa nthambi yake kumeneko, ndipo chipatala cha Lungwena, kutsidya la kummawa kwa nyanja, chakhala malo ophunzirira za umoyo wa anthu a m'midzi. Bomali lili ndi chipatala chachikulu pafupi ndi mtsinje wa Shire, chipatala cha Monkey Bay, chipatala cha St Martin's cha mpingo wa Anglican ku Malindi, ndi zipatala zina zazing'ono monga za Makanjira, Namwera ndi Nankumba. Tsono tiyerekeze kuti wophunzira za mankhwala watumizidwa ku chimodzi mwa zipatala zotere.

Ntchito yake ili mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi mosungira mankhwala. Mankhwala a boma ambiri amachokera ku Central Medical Stores Trust, ndipo akafika amawerengedwa, nalembedwa pa khadi la mtundu uliwonse, limene limaonetsa amene alowa, amene atuluka ndi amene atsala. Pamashelefu amaikidwa mwanjira yakuti amene tsiku lawo lotha ntchito layandikira akhale kutsogolo ndi kuyamba kutuluka. Mankhwala ambiri safuna kutentha kopitirira madigiri 30, ndipo katemera wambiri amasungidwa m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8. Aliyense amene adakhalako ku Mangochi mu Okotobala ndi Novembala akudziwa kuti kusunga lamulo limeneli m'chipinda cha denga la malata si ntchito yamasewera.

Mbali yachiwiri ndi pazenera, pamene odwala amafika ndi timabuku tawo ta kuchipatala. Malungo ndi ochuluka m'dera lotsika ndi lotentha ngati ili, makamaka m'nyengo ya mvula, ndipo likodzo limagwira ana ambiri osamba m'nyanja. Mankhwala oyamba a malungo adasintha kawiri: mu 1993 Malawi adasiya chloroquine natenga SP, imene anthu ankaitcha Fansidar, ndipo mu 2007 adatenga LA. Kaperekedwe ka LA kamatsata kulemera kwa thupi. Wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi pa nthawi, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo wa 35 kapena kuposerapo anayi. Amamwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu, ndipo kumwa kwachiwiri kumabwera patapita maola 8. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi chakudya cha mafuta kapena mkaka. Nawonso mankhwala a likodzo, praziquantel, amayezedwa potsata thupi la munthu.

Zonsezi wophunzira adazilemba kale m'kope ali kukoleji. Chimene sanachionepo ndi mzere wa anthu ofika mpaka panja, mayi wobereka mwana wotentha thupi, zolemba za dokotala zovuta kuwerenga, ndi mankhwala ena atatha pashelefu. Apa ndi pamene amafunira munthu womuyang'anira. Ofufuza m'maiko osiyanasiyana akhala akufunsa ophunzira za mankhwala zimene amafuna kwa munthu ameneyu, ndipo mayankho awo amafanana kwambiri. Tiwaike m'mitu isanu.

Choyamba: kulandiridwa ndi kuuzidwa malire

Wophunzira amafuna kuti tsiku lofika apeze munthu amene akumuyembekezera. Amafuna aonetsedwe mosungira mankhwala, kumene makiyi amakhala ndi amene amawasunga, adziwitsidwe kwa anamwino ndi madokotala, ndipo auzidwe momveka ntchito zimene angagwire yekha, zimene angagwire pali wina, ndi zimene sayenera kuzikhudza konse. Mwachitsanzo, mankhwala amphamvu othetsa ululu monga morphine amatsekeredwa pawokha ndipo ali ndi buku lawolawo. Wophunzira wosauzidwa malire amachita chimodzi mwa ziwiri: amangokhala pakona kuopa kulakwa, kapena amagwira chilichonse. Zonsezi n'zoipa. M'mera mpoyamba, ndipo sabata yoyamba ndi imene imaonetsa mmene miyezi yotsatira idzayendere.

Chachiwiri: kumva maganizo a katswiri

Kuonerera kokha sikukwanira. Munthu wozolowera ntchito amalandira kabuku, n'kuyang'ana mwana, n'kutenga paketi ya LA ya mapiritsi 12, zonse m'kanthawi kochepa. Woonerera amangoona manja. Saona kuti m'mutu mwa katswiriyo mwadutsa mafunso angapo: kodi dzina la pakabuku ndi la mwana ameneyu? Kulemera kwalembedwaku kukugwirizana ndi msinkhu wake? Magazi adayezedwa? Pali mankhwala ena amene akumwa kale? N'chifukwa chake ophunzira amakonda woyang'anira amene amayankhula zimene akuganiza pamene akugwira ntchito, kapena amene amafotokoza wodwala akangochoka.

Kunyanja kuli nzeru zina zimene sizipezeka m'buku. Odwala ambiri, makamaka amayi achikulire, amamva bwino Chiyao kuposa Chichewa, kotero wophunzira wochokera ku Dedza kapena ku Rumphi amafuna wina womuphunzitsa mawu oyambira, monga mtela, kutanthauza mankhwala, kundawi, kutanthauza mmawa, ndi ligulo, kutanthauza madzulo. Anthu ambiri a m'bomali ndi Asilamu, ndipo m'mwezi wa Ramadan funso la nthawi yomwera mankhwala limafuna kukambirana mwaulemu ndi wodwala. Msodzi amene amachezera panyanja kupha usipa, kapena amene amasamukira kudooko lina kwa masabata angapo, sangauzidwe za kamwedwe ka mankhwala otalikitsa moyo mofanana ndi mlimi wokhala pamudzi. Woyang'anira amene wakhalitsa m'deralo amadziwa zonsezi, koma wophunzira sangazitole ngati sizinenedwa.

Chachitatu: kupatsidwa ntchito pang'onopang'ono

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ophunzira amadandaula za oyang'anira a mitundu iwiri. Woyamba ndi wamantha. Pokumbukira kuti mlandu uli pa iye, amangopatsa wophunzira ntchito yowerenga mapiritsi ndi kuwaika m'timapepala kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Wophunzira wotere amabwerera kukoleji asanayankhulepo ndi wodwala. Wachiwiri ndi wotaya. Amaona wophunzira ngati mpumulo wake, amamusiyira zenera tsiku lachiwiri, iye n'kupita kumsonkhano kapena kumsika. Wophunzira wotere amagwira ntchito yambiri, koma zolakwa zake palibe wozikonza, ndipo zimasanduka chizolowezi.

Chimene ophunzira amafuna chili pakati pa awiriwa. Bungwe la akatswiri a mankhwala a m'zipatala ku America, American Society of Health-System Pharmacists, limaphunzitsa kuti woyang'anira ali ndi maudindo anayi otsatizana: kufotokoza, kuonetsa, kuimirira pambali wophunzira akuchita, ndi kumusiya achite yekha koma n'kumabwera kudzaona. Pazenera la kuchipatala zimenezi zingayende motere. Masiku oyamba wophunzira amaonerera ndi kumva zifukwa. Kenaka iye ndi amene amawerenga kabuku ndi kusankha mankhwala, koma woyang'anira amawaona asanadutse pazenera. Pambuyo pake wophunzira amafotokozera wodwala kamwedwe, woyang'anira akumvetsera chapafupi. Potsiriza wophunzira amagwira yekha pa matenda ozolowereka, atagwirizana kuti akakumana ndi mayi woyembekezera, khanda, kapena zolemba zokayikitsa, aitane.

Onani kuti m'njira imeneyi wodwala ngotetezedwa pa sitepe iliyonse, komanso wophunzira akukula. Maganizo ameneŵa si achilendo kwa inu. Mwakumana nawo m'maphunziro a kakulidwe ka mwana, pamene Lev Vygotsky adafotokoza za ntchito zimene mwana sangathe yekha koma angathe wina akamuthandiza. Mu 1976 David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross adafanizira thandizo lotere ndi nsanja imene omanga nyumba amaimapo, imene imachotsedwa khoma likalimba. Mayi wophunzitsa mwana wake kuphika nsima amachita zomwezo: amayamba kumupatsa mthiko phala likadali lopepuka, iye ataima pomwepo.

Chachinayi: kuuzidwa zoona, msanga, ndiponso pambali

Ophunzira safuna kungoyamikiridwa. Mawu akuti "mukuchita bwino, pitirizani" amakoma m'khutu koma saphunzitsa kanthu. Amafuna kuuzidwa chinthu chenicheni: "Mayi aja munawauza bwino za kumwa kawiri patsiku, koma simunawafunse kuti abwereze zimene mwanena. Mawa muyese kutero." Mawu otere amaloza chimene chachitika, amanenedwa tsiku lomwelo chikadali m'maganizo, ndipo amapereka choyesa mawa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Komanso amafuna kuti kudzudzulako kuchitike pambali. Cholakwa choopsa chiyenera kuletsedwa pomwepo, pakuti moyo wa wodwala ndiwo uli patsogolo, koma ngakhale apo woyang'anira wanzeru amangoti, "Tadikirani pang'ono, tione limodzi," ndipo zotsalazo amakanena kuseri. Wophunzira wokalipiridwa pamaso pa mzere wa odwala amataya zinthu ziwiri: kudzikhulupirira kwake ndi chikhulupiriro cha anthuwo. Mawa lake odwala amayamba kunena kuti akufuna wamkulu uja. Choipitsitsa ndi woyang'anira amene amakhala chete miyezi yonse, n'kudzalemba zolakwa zonse pa fomu ya malikisi tsiku lomaliza, nthawi yokonza itatha.

Chachisanu: ufulu wofunsa ndi chitsanzo chabwino

Safunsa adadya phula, koma munthu amafunsa pokhapokha akadziwa kuti sasekedwa. Kufamase mantha ofunsa ngoopsa kuposa umbuli. Wophunzira amene walephera kuwerenga zolemba za dokotala, naopa kufunsa, amangoganizira. Wophunzira amene wazindikira kuti wapereka mankhwala olakwika, naopa kukalipiridwa, amakhala chete, pamene akadanena msanga wodwalayo akadatsatiridwa asanafike patali. Motero ophunzira amafuna woyang'anira amene amalandira funso mwaulemu, amenenso sachita manyazi kutsegula buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala pamaso pawo pamene iye mwini wakayika.

Pamwamba pa zonse, ophunzira amaona khalidwe. Nkhani za kubedwa kwa mankhwala m'zipatala za boma zakhala zikumveka m'dziko muno kwa zaka zambiri. Wophunzira amaona ngati woyang'anira amalemba pakhadi nthawi yomweyo mankhwala akatuluka, ngati amakana wachibale wopempha mapiritsi popanda kabuku, ngati amasunga chinsinsi cha wodwala wodzatenga mankhwala otalikitsa moyo, ndiponso mmene amayankhulira ndi gogo wosamva msanga. Zimene waona ndi zimene adzachite akadzakhala yekha kuchipatala chakutali, kumene kulibe womuona.

Nanga woyang'anira wotanganidwa atani?

Tisaiwale kuti m'zipatala zathu zambiri wogwira ntchito pafamase amakhala mmodzi kapena awiri, ndipo ali ndi odwala, malipoti a pamwezi ndi maoda pamutu pake. Sangakhale ndi wophunzira maola onse. Koma zinthu zisanu zimene tatchulazi sizifuna nthawi yaitali. Kuyankhula maganizo pogwira ntchito sikuchedwetsa mzere. Kuona mankhwala asanadutse pazenera kumatenga kamphindi. Mphindi khumi pakutha pa tsiku, zenera litatsekedwa, n'zokwanira kufunsa kuti, "Lero n'chiyani chinakuvutani?" Wophunzira amakhululukira woyang'anira wotanganidwa amene amasunga mphindi khumi zimenezi. Amene amavutika naye ndi uja wosadziwika kumene ali.

Tanthauzo lake kwa ife a m'kalasi

Maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale, monga adakonzedwanso mu 2017, amaika materemu awiri kukoleji, awiri kusukulu yoyesera, ndi awiri omaliza kukoleji. Materemu awiri apakatiwo ndi ofanana ndi nthawi ya wophunzira za mankhwala pazenera, ndipo mphunzitsi wokulangizani kusukuluko ndiye woyang'anira wanu. Mitundu iwiri ya oyang'anira ija ilikonso m'sukulu. Alipo amene amangopatsa woyesera makope kuti achonge, ndipo alipo amene amamusiyira ana oposa zana ndi choko, iwo n'kukakhala pansi pa mtengo.

Inu simungasankhe mlangizi wanu, koma mungathe kupempha zinthu zoyenera mwaulemu. Sabata yoyamba pemphani kuti muonerere maphunziro angapo, ndipo pakutha pa phunziro funsani zifukwa: "Aphunzitsi, n'chifukwa chiyani munasiya chitsanzo chija n'kuyamba china?" Funsani malire anu pa nkhani ya chilango, kaundula wa ana ndi kukumana ndi makolo. Chikonzero cha phunziro chionetseni kwa mlangizi musanalowe m'kalasi, monga mankhwala amaonedwa asanadutse pazenera, pakuti cholakwa chogwidwa papepala sichifika kwa mwana. Powapempha kuti adzakuonerereni, tchulani chinthu chimodzi choti ayang'ane, monga kafunsidwe ka mafunso kapena kalembedwe ka pabolodi. Ndipo mukazindikira kuti mwaphunzitsa chinthu cholakwika, nenani tsiku lomwelo, kuti mawa mukonze ana asanachisunge.

Amene mudzatumizidwe ku Mangochi, Machinga kapena madera ena a kunyanja mudzapeza ana a Sitandade 1 amene Chichewa akuchimva koyamba kusukulu, ndi anyamata amene amajomba nsomba zikachuluka. Aphunzitsi okhalitsa kumeneko ali ndi njira zawo zothandizira ana otere, ndipo njirazo mudzazimva pokhapokha mutafunsa.

Pomaliza, kumbukirani kuti pakapita zaka zochepa inu ndi amene mudzalandire oyesera. Tsiku limenelo mlandu wa kalasi udzakhala pamutu panu, ndipo mudzayesedwa kuti muwamane ntchito chifukwa cha mantha, kapena muwatayire yonse chifukwa cha kutopa. Sungani kope la zimene mlangizi wanu akuchita m'materemu awiriwa, zokuthandizani ndi zokupwetekani, kuti podzafika nthawi yanu mudzadziwe poima: pafupi mokwanira kuti muteteze ana, komanso pataliko pang'ono kuti mphunzitsi watsopanoyo agwire ntchito ndi manja ake.